Majarini pa Buledi wa Mwana Wopeza

Mawu aja anali anga. Ndiyambire pamenepo, chifukwa m'tauni muno palibe amene akudziwa, ndipo amene ndinawauza anangondiseka. Ndinawapeka ndine, Lamulungu masana, patebulo la m'nyumba mwanga, mpeni uli m'manja, ndikupaka majarini pa buledi.

Ine ndimaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala pampando wa pambali, phazi lili pa buleki yanga, maso pa galasi, kupirira anthu akuluakulu osadziwa kumanja ndi kumanzere. Pasukulu yathu tinalipo aphunzitsi asanu, magalimotonso asanu, ndipo mmodzi mwa ife anali mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga. Anzathu ankamutchula kuti Giya Wani, chifukwa chilichonse amachita mwapang'onopang'ono: kuyenda, kudya, kuyankhula. Ukamufunsa nthawi amayamba wayang'ana wotchi, kenako kumwamba, kenako iwe. Ntchitoyo ndinamupezera ndine. Chimenechonso muchidziwe.

Ine kuntchito amanditchula kuti a N'zoona. Dzinalo sindinalikondepo, koma sindinganame, ndinaligwirira ntchito. Wophunzira akati boma ili n'labwino, ine ndimati n'zoona. Wina akalowa ola lotsatira n'kuyamba kudandaula za mitengo ya zinthu, ndimatinso n'zoona, yatsani indiketa. M'galimoto si mokanganirana. Munthu akakwiya amaponda moto, ndipo mutu umene umayamba kugunda galasi ndi wanga.

Kunyumba ndiye kunali kwina. Kumeneko ndinkamasuka. Mkazi wanga, amene amasoka zovala pamakina ake m'kachipinda ka kutsogolo, ankanditchula a Wailesi. Ndikafika, ndikavula nsapato, ndinkayamba: wakuti ndi wakuba, wakuti ndi mbuzi yovala tayi. Iye ankaseka mpaka kusiya kusoka. Ndipo pali kayang'anidwe kena kamene anali nako, kupendeketsa mutu, diso limodzi litatsinzina pang'ono, ngati akuti, "Koma mwamuna wanga uyu!" Ndinamukwatira chifukwa cha kayang'anidwe kameneko. Tsiku lonse ndinkameza mawu m'galimoto podziwa kuti madzulo ndikawalavula patebulo, iye n'kundiyang'ana choncho.

Chaka chatha, chisankho chili pafupi, Anduna anatimangira mseu watsopano wochokera kudepoti kukafika kuchipatala. Anduna amenewa ndi mwana wobadwira m'tauni muno. Theka la anthu limati linaphunzira nawo, theka linalo limati ndi achibale. Palibe lamulo loletsa kuwanena, ayi. Koma kuwanena kuno kuli ngati kutukwana mayi ako pamsika. Anthu amangoti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Vuto n'lakuti ife aphunzitsi mseu timaudziwa ndi matako. Tinayamba kuyendamo usanatsegulidwe, ndipo tinaumva. Phula lake linali lopyapyala, m'mbali likunyenyeka kale. Tsiku lina lole inaphulika tayala, dalaivala ataika jeke, jekeyo inangomira m'phulamo. Tonse asanu tinaona, ndipo tonse asanu tinayang'ana kumbali.

Mlamu wanga akazi ake anamwalira kalekale, choncho Lamulungu lililonse masana ankabwera kwathu kudzamwa tiyi. Lamulungu lina ndikupaka buledi, nzeru inangonditera.

"Mseu umenewu," ndinatero, ndikuloza ndi mpeni, "anatipakira phula ngati majarini pa buledi wa mwana wopeza. Tikuomba m'manja chifukwa womanga ndi mwana wakwathu. Akanakhala wa kwina, tikanamutchula dzina lake lenileni."

Mkazi wanga anatsamwa ndi tiyi. Anaseka mpaka misozi, atatseka pakamwa ndi kansalu. "Inu a Wailesi, mudzatiphetsa!" Kenako anapendeketsa mutu n'kundiyang'ana. Ine ndinangoti mapewa tukumu.

Mlamu wanga sanaseke. Anatafuna, anatafuna, n'kumeza. "Tabwerezani, alamu."

Ndinabwereza. Kawiri! Chitsiru ine, ndinkayesa ndikumusangalatsa.

Tsiku lotsegulira mseu, Abwana, eni ake a sukulu yathu, anatiuza kuti tikandandike magalimoto onse asanu m'mbali mwa mseu, atamangidwa maliboni. Tinaima padzuwa kuyambira m'mawa, aliyense pafupi ndi galimoto yake. Anduna atadula liboni lawo n'kupita, kunabwera mtolankhani wachitsikana ndi maiki, kumbuyo kwake bambo wonyamula kamera. Anayambira kwa ine.

"Inu mumayenda pamseu tsiku lonse. Mukuuona bwanji mseu watsopanowu?"

Mawu anga aja anafika pakhosi, ndikulumbira anafika. Koma amene anatuluka ndi ena. "Ndi mseu wabwino zedi. Tikuthokoza Anduna." Ndipo ndinamwetulira, mano onse panja.

Mtsikanayo anasuntha sitepe imodzi n'kufunsa mlamu wanga funso lomwelo. Giya Wani anayang'ana mseu, kenako kumwamba, kenako mtsikanayo. Ndiye mwapang'onopang'ono, ngati akutsitsa katundu wosweka, anati: "Mseu uwu anatipakira phula ngati majarini pa buledi wa mwana wopeza. Tikuomba m'manja chifukwa womanga ndi mwana wakwathu. Akanakhala wa kwina, tikanamutchula dzina lake lenileni."

Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Atamaliza anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinali kalikiliki kukonza liboni la pagalasi, limene linalibe vuto lililonse.

Pa TV sanaonetse. Koma pofika mawa lake, kanemayo anali m'foni ya munthu aliyense m'tauni muno. Kakanema kakafupi: koyambirira ine ndi mano anga, kenako iye.

Muofesi yathu muli bolodi loyera, logawidwa mizere isanu. Mzere uliwonse uli ndi mphunzitsi wake, ndipo pansi pake mlembi wathu amalemba mayina a ophunzira ndi maola awo. Lolemba foni inayamba kulira ofesi isanatsegulidwe n'komwe. Mlembi ankayankha, n'kutenga kansanza, n'kufufuta dzina pamzere wa Giya Wani, n'kulilemba pamzere wina. Pofika Lachinayi mzere wake unali woyera mbee. Wanga unadzaza mpaka mlembi anayamba kulemba mopendekeka m'mbali.

Abwana sanamuchotse ntchito. Anangomulanda galimoto n'kumuika m'chipinda chophunzitsira zikwangwani za pamseu, momwe muli tebulo lojambulidwa misewu ndi tigalimoto ta zidole. Ophunzira ankasuzumira pakhomo, akamuona n'kubwerera. Nthawi ya tiyi anzathu ankanyamula makapu awo kukamwera panja. Wometa amene wakhala akumumeta zaka zonsezi anamuuza kuti makina afa, uku akumeta munthu wina. Kutchalitchi benchi yake inatsala ndi iye yekha. Apolisi sanabwere, ngakhale mmodzi. Anthu anaigwira okha ntchitoyo, mwaulere.

Mwina mukuganiza kuti ndinamumvera chisoni. Ndinamumvera, masiku awiri. Kenako kunabwera china, ndipo ndichitchula dzina lake: nsanje. Nsanje yeniyeni, yowawa m'chifuwa ngati wameza fupa.

Taganizani. Ophunzira ake ambiri anali m'galimoto yanga, ndipo aliyense akangomanga lamba, nkhani inali imodzi. Panali bambo wina wonenepa, mwini golosale, amene kilatchi inamukanika miyezi itatu.

"Mlamu wanu uja ndi chitsiru," anatero. "Chitsiru chenicheni! Akuti batala pa buledi wa mwana wopeza!" Koma uku akutukwana, mimba ikugwedezeka ndi phwete.

"Majarini," ndinatero.

"Mwati?"

"Anati majarini. Batala ndi wodula. Mwana wopeza angamuone kuti batala?"

Anandiyang'ana mpaka galimoto inazima. Ine ndinachita mantha ndi pakamwa panga, n'kuwonjezera msanga kuti, "Koma n'zoona, ndi chitsiru. Lizaninso injini."

"Chitsiru, inde," anatero akulimbana ndi kiyi. "Koma mutu uli nawo. Ndani ankadziwa kuti m'kamutu kaja muli zoterezi? Inu ndi ine tikanakhala chaka chathunthu osaganiza mawu ngati amenewa."

Inu ndi ine! Abale, ndinaponda buleki popanda chifukwa.

Mawuwo anayenda. Anthu omwewo amene sankamupatsa moni ndi amene ankawagwiritsa ntchito. Wopenta akapaka penti yochepa, ankati wapaka majarini. Mayi wa kulesitilanti akathira msuzi wochepa, makasitomala ankafunsa ngati iwo ndi ana opeza. Ankanena monong'ona, n'kuseka, kenako n'kutsonya kuti, "Koma munthu uja alibe ulemu." Mawu anga ankayenda m'tauni monse atavala malaya a munthu wina. Ana a sukulu akamuona ankakuwa kuti, "A Majarini! A Majarini!" Linali dzina lomunyoza, koma ine ndinkalisirira. Munthu wochedwa ngati iye uja kukhala ndi mayina awiri, ine mwini mawu ndikadali a N'zoona!

Ndinali ndi wophunzira wina, nesi wa kuchipatala, mayi wosayankhulayankhula. Tsiku lina tikuphunzira kubwerera m'mbuyo pabwalo la mpira, anaimitsa galimoto, n'kuyang'ana uku ndi uku ngakhale panalibe munthu.

"Aphunzitsi, bambo aja ndi alamu anu, eti?"

"Eee, kumbali ya akazi anga," ndinayankha, pokonzeka kuwakana.

"Mukawauze kuti tilipo ena amene tinamva. Sitingathe kuwapatsa moni pagulu, tili ndi ana. Koma mukawauze kuti kuchipatala tilipo anayi amene timawapempherera. Amuna ngati amenewa ndi osowa."

"Ndikawauza," ndinatero.

Sindinakamuuze. Ndinadutsa pakhomo pa chipinda chake madzulo amenewo, ndinamuona atakhala yekha ndi tigalimoto take, ndipo uthengawo ndinapita nawo kunyumba m'thumba. Ndikudziwa kuti n'zoipa. Musandiuze.

Koma zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandidya ndi cha kunyumba.

Mkazi wanga naye zinamukhudza, poti ndi mlongo wake. Amayi awiri anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Oyandikana nawo nyumba anasiya kudzabwereka ayironi. Ine ndinkadikira kuti akwiye, amukalipire mchimwene wakeyo kuti watilowetsa m'mavuto. Ayi ndithu. Anayamba kumuphikira chakudya cha masana n'kumakamusiyira yekha kuntchito, m'kontena yabuluu ija imene kale inali yanga. Anayamba kumuchapira malaya. Achimwene adya? Achimwene anaoneka bwanji lero? Achimwene, achimwene, nyumba yonse achimwene.

Tsiku lina ndinalowa mwakachetechete n'kumupeza atakhala pamakina, akuonera kanema uja pafoni. Ndinaima kumbuyo kwake. Kanema atangoyamba, nkhope yanga itangotulukira, anaika chala n'kukoka kamzere kaja kuti adumphe. Anachita mozolowera, osayang'ana n'komwe, kusonyeza kuti sikanali koyamba. Ankadziwa bwinobwino pamene mano anga amathera ndi pamene mchimwene wake amayambira.

Lamulungu mlamu wanga anabwera monga mwa masiku onse. Ine ndinali nditakonzeka. Sabata yonse ndinkapeka mawu atsopano m'galimoto, akuthwa kuposa aja. Ndinawatulutsa limodzilimodzi, za Anduna, za chipani, za anthu a m'tauni muno amene ali ngati nkhosa. Mkazi wanga anangoti, "Mmm. Tiyi wanu akuzizira."

Kenako Giya Wani anati, "Shuga ali kuti, achemwali?"

Basi, mawu ake onse anali amenewo. Shuga ali kuti. Ndipo mkazi wanga anapendeketsa mutu, diso limodzi litatsinzina pang'ono, n'kumuyang'ana. Kayang'anidwe kanga! Kamene ndinakwatira! Kupita kwa munthu wofunsa shuga!

Lolemba m'mawa ndinamulowera m'chipinda chake cha zikwangwani n'kutseka chitseko.

"Alamu, mawu aja munawatenga kuti?"

Anayang'ana tebulo, kenako denga, kenako ine. "Kwa inu, alamu."

"Ndiye munthu amangotola zinthu m'nyumba ya mnzake n'kukaziyanika pamseu? Ndinakupatsani chilolezo?"

"Ndinkayesa mumanena zoona."

"Zinali zoona!"

"Nanga vuto lili pati?" Anakankha kagalimoto kofiira mpaka pamphambano yojambulidwa, n'kukaimitsa bwinobwino pamzere. "Anandifunsa, ndinayankha. Ine mawu okoma sindidziwa kupeka. Anu aja anali okoma, ndiponso anali oona. Ndinangowabwereka."

Ndinkafuna kumuuza kuti wobwereka amabweza. Koma ndinamva mapazi a mlembi pakhonde, ndipo ndinatsegula chitseko msangamsanga n'kunena mokweza kuti ndimafuna buku la malamulo a pamseu.

Mvula itayamba, mseu unabooka. Dzenje loyamba linatulukira pafupi ndi depoti, lachiwiri patsogolo pa sukulu ya pulaimale, kenako sitinawerengenso. Nesi uja anandinong'oneza kuti wamisala anaona nkhondo. Koma musaganize kuti anthu anapita kukapepesa kwa mlamu wanga. Anamuda kwambiri, ngati maenjewo anakumba ndi pakamwa pake. Ankati mvula ya chaka chino njoopsa. Ankati malole a anthu a kwina ndi amene akuwononga dala. Wina anamuphwetsera matayala a njinga.

Nthawi yomweyo Abwana anamva kuti unduna ukufuna sukulu yoti iphunzitse madalaivala ake atsopano, ndipo wina anawanong'oneza kuti sukulu yosunga a Majarini isayembekezere kanthu. Choncho Lachisanu, itakwana nthawi ya chakudya cha masana, anatiitana tonse pabwalo poimika magalimoto: aphunzitsi, mlembi, makaniko, ndi ophunzira amene analipo. M'dzanja limodzi anali ndi foni, m'dzanja lina pepala.

"Nkhani ndi yaifupi," anatero Abwana. "Ine ndine munthu wa ufulu. Aliyense ali ndi ufulu woyankhula, sindikukana. Koma inenso ndili ndi ufulu wodyetsa ana anga. Bambo, muwerenga pepala ili, ine ndijambula. Mukuti munayankhula mosaganiza, mukupepesa kwa Anduna ndi kwa anthu a m'tauni muno. Mukatero, Lolemba mubwerera m'galimoto yanu. Mukakana, geti ndi ilo."

Mlamu wanga analandira pepalalo n'kuyamba kuliwerenga chamumtima, milomo ikuyenda. Pamenepo ndi pamene ndinamuona mkazi wanga. Anali ataima pageti ndi kontena yabuluu ija m'manja. Sanandione n'komwe. Maso ake anali pa mchimwene wake, mutu utapendekeka.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ayi, ndikunama, ndikuchidziwa. Ndinaona kuti munthuyu akana, ndipo akakana ndiye kuti watenga zonse mpaka kalekale, mawu, dzina, ndi maso aja. Miyendo inangondinyamula mpaka pakati pa bwalo.

"Mawu aja ndi anga!" ndinakuwa. "Ndinawapeka ndine! Majarini, buledi, mwana wopeza, zonse! Patebulo langa, ndi mpeni wanga! Uyu anangotola. Uyu angapeke chiyani, munthu wotenga ola lathunthu kuti anene moni?"

Ndinkadikira kuti andizinge, anditukwane, mlembi athamange ndi kansanza kake kukafufuta mzere wanga. Ndinali wokonzeka. Ndinkazifuna ndithu.

Woyamba kuseka anali makaniko. Kenako mwini golosale uja. Kenako bwalo lonse linaphulika chikhakhali.

"A N'zoona!" anatero makaniko, akupukuta misozi ndi kumbuyo kwa dzanja. "Inu? Aaa, musatiphe ndi nthiti!"

"Ndikunena zoona! Funsani akazi anga, ndi awo ali pagetiwo! Analipo!"

Onse anatembenuka. Mkazi wanga anayang'ana pansi, pa kontena.

Abwana anabwera n'kundigwira paphewa. "Mtima wabwino umenewu," anatero. "Kufuna kusenza mlandu wa mlamu wanu. Ndakulemekezani. Koma bambo, chalaka bakha nkhuku singatole. Taonani apa." Anatsegula kanema uja n'kukweza foni m'mwamba kuti onse aone. Ndipo ndinali pomwepo, mano onse panja. Ndi mseu wabwino zedi. Tikuthokoza Anduna. Anabwereza kawiri, anthu akugwira m'mimba.

"Alamu," ndinatero. "Auzeni."

Giya Wani anapinda pepala lija kawiri. Anayang'ana ine, kenako pageti, kenako Abwana.

"Alamu anga ndi munthu wachifundo," anatero. "Akufuna kundipulumutsa. Koma mawu aja ndi anga. Iwo sanayankhulepo zoterezi."

Anabweza pepalalo kwa Abwana ndi manja awiri, mwaulemu. Anatulutsa makiyi a chipinda cha zikwangwani n'kuwaika pa boneti ya galimoto yanga. "Kupepesa ndiye sindingathe, Abwana. Mseu uli ndi maenje." Atatero anayenda, mwa giya wani yemweyo, mpaka pageti. Mlongo wake anamulandira chikwama, ndipo anatuluka limodzi, anthu akuwapatukira ngati ali ndi nthenda.

Ine ndinali ndi ophunzira ena atatu masana amenewo. Onse anandiyamikira chifukwa cha mtima wanga wabwino.

Nditafika kunyumba dzuwa likadalipo, ndinamupeza mkazi wanga pamakina, akupinda miyendo ya thalauza. Sindinavule n'komwe nsapato.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu! Munalipo tsiku lija! Munaseka mpaka kutsamwa! Liwu limodzi lokha linakukanikani? Ndipo mchimwene wanu wolungama uja, lero wanama bodza lamkunkhuniza, masana dzuwa likuswa mtengo!"

Anachotsa phazi pa chopondera. "Musawanene achimwene. Ndinawapempha ndine."

"Munawapempha chiyani?"

"Tsiku lomwe kanema anatuluka, ndinapita kwawo. Ndinati achimwene, dzina la bambo a ana anga musalitchule. Kaya afunse ndani, kaya afunse bambowo eni ake pamaso pa anthu, munene kuti mawuwo ndi anu. Anandilonjeza. Iwo akalonjeza, alonjeza."

Ndinakhala pansi, pa mpando wa makasitomala. "Chifukwa cha ntchito," ndinatero. "Munkaopa kuti tonse awiri tichotsedwa." Ndinkafuna avomere. Chimenecho ndikanachimvetsa.

"Ntchito ina ikanapezeka." Anadula ulusi ndi mano. Sanali wokwiya, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Ankayankhula ngati mmene amauzira kasitomala muyezo wa m'chiuno mwake. "Achimwene angathe kukhala okha pabenchi chaka chathunthu. Angathe kumwa tiyi okha. Koma inu, munthu mmodzi akangopanda kukuyankhani moni, mumadwala mutu masiku awiri. Ndakhala nanu zaka makumi awiri. Simukanatha, bambo. Zikanakuphani."

"Koma lero ndanena! Pamaso pa onse! Munaona ndi maso anu!"

"Ndinaona."

"Nanga?"

Anatembenuza thalauza lija n'kulowetsa mwendo wachiwiri pansi pa singano. Linali la mchimwene wake, ndinalizindikira. Kenako anandiyang'ana, mutu uli chilili, maso onse awiri otsegula.

"Ndinamvetsera bwinobwino," anatero. "Ndinkadikira, mtima uli m'mwamba. Munanena kuti mawu ndi anu. Munanena za tebulo lanu ndi mpeni wanu. Munanena kuti achimwene ndi ochedwa. Koma za mseu simunanenepo kanthu."

Ndinatsegula pakamwa. Ine a Wailesi, amene m'nyumba muno sindinasowepo chonena, ndinafunafuna choyankha, ndipo chimene chinafika palilime chinali chomwe chija cha m'galimoto, cha masiku onse.

"N'zoona," ndinatero.

Iye anaponda chopondera, makina n'kuyambanso kulira.